Sabata yomwe tinalondola fayilo imodzi

Ndimayang'anira alembi a pa kauntala ndi a ku registry mu nthambi ya boma yopereka ziphaso za malonda. Lolemba abwana anandiitana n'kundiuza kuti kwatsala ndalama pang'ono za maphunziro a ogwira ntchito, zofunika kuzigwiritsa ntchito chaka cha boma chisanathe. Maganizo awo anali otumiza anthu ku msonkhano ku hotela monga mwa nthawi zonse. Ndinawapempha kuti andipatse sabata imeneyi tiyese china: tonse tilondole fayilo imodzi, kuyambira pomwe mwini wake wapereka fomu mpaka chiphaso chitatuluka. Anakhala chete kanthawi, kenaka anati, "Yesani, koma ntchito isaime."

Misonkhano sindiinyoza. Chimene chimandiwawa n'chakuti munthu amabwerako ndi satifiketi, n'kupeza desiki yake ili momwe anaisiyira, ndipo palibe amene amam'patsa mpata woyesa zomwe wamva. Katswiri wa ku Germany wofufuza za kukumbukira, Hermann Ebbinghaus, anaonetsa kale mu 1885 kuti kuiwala kumathamanga kwambiri m'maola ndi m'masiku oyambirira munthu akangophunzira chinthu. Nanga tidabwiranji kuti pakatha mwezi zonse zauluka?

Lachiwiri tinamata kapepala pa chikuto cha fayilo. Aliyense woilandira ankalemba nthawi yomwe yafika ndi nthawi yomwe yachoka m'manja mwake. Tinatenganso mafayilo akale angapo n'kuwerenga madeti a zidindo. Zomwe tinaona zinatikhazika pansi tonse. Ntchito yeniyeni, kuwerenga fomu, kuona risiti, kusayina, ndi ya mphindi zochepa. Masiku onse omwe anthu amadandaula nawo fayilo imangokhala mu thireyi kudikira dzanja loti liinyamule.

Amene anatitsegula maso ndi bambo athu a mesenjala. Anati, "Bwana, fayilo imeneyi ndimapita nayo ku akaunti kawiri, ndipo ulendo wachiwiri amangodinda, osaitsegula n'komwe." Akhala akukwera nayo masitepe zaka zambiri, koma palibe anawafunsapo. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Titafunsa chiyambi cha ulendo wachiwiriwo, mayi wina amene wakhalitsa ku registry anatikumbutsa kuti unayamba nthawi yomwe malisiti ankalembedwa pamanja, pofuna kugwira achinyengo. Lero risiti imatuluka mu kompyuta ndi nambala yake, yomwe mlembi angathe kuitsimikiza ali pa mpando wake. Chifukwa chake chinatha kalekale, ulendo wokha ndi umene unatsala.

Lachitatu ndinaphunzitsa kanthu kamodzi kokha, pa bolodi, nthawi yopuma. Ndi lamulo la masamu lomwe katswiri wa ku America, John Little, analitsimikiza mu 1961: kuchuluka kwa zinthu zomwe zili pa mzere kumafanana ndi kuchuluka kwa zomwe zimafika pa tsiku, kuchulukitsa ndi masiku omwe chilichonse chimakhalapo. Anthu sitingawaletse kubweretsa mafomu. Choncho mulu wa pa desiki ungachepe pokhapokha fayilo iliyonse ikamagona masiku ochepa. Mtsikana wina amene wangoyamba kumene ntchito anagwira mfundoyi msanga kuposa tonse. Anati bwanji osayina azisayina m'mawa ndi masana tsiku lililonse m'malo modikira kuti mafayilo aunjikane, ndiponso bwanji pa kauntala pakhale mndandanda wa mapepala ofunika kuti fomu yosakwanira isalowe n'komwe. Sanapite ku hotela iliyonse kuti aganize zimenezi.

Lachinayi ndilo linali lovuta. Titanena zothetsa ulendo wachiwiri uja, a akauntanti anakana kwamtuwagalu. Anati maodita akadzapeza chidindo chawo palibe, wofunsidwa adzakhala iwowo a akauntanti, osati ine. Ndipo ankanena zoona. M'boma munthu wotsatira njira yakale yochedwa sadzudzulidwa kawirikawiri, koma woyesa yatsopano n'kuphonya amalembedwa kalata. Amene amati ogwira ntchito m'boma ndi aulesi pa zinthu zatsopano sanalawepo mantha amenewa. Tinaitana odita wa m'nthambi mwathu, tinatsegula buku la malamulo a kayendetsedwe ka ndalama, n'kufufuza limodzi ngati chidindo chachiwiricho chinalembedwamo kapena n'chizolowezi chabe. Sitinachipeze. Odita anati chofunika n'chakuti pakhale umboni woti risiti inatsimikizidwa, ndi dzina la amene anaitsimikiza. Apo a akauntanti mtima unakhala pansi, koma anapempha kuti zonse zilembedwe ndipo abwana asayine.

Masana ake mnzathu wa za makompyuta anabwera ndi maganizo ogula pulogalamu yatsopano, akutchula dziko la Estonia. Ndinamuuza kuti nanenso ndimalisirira. Njira yawo ya pa kompyuta yotchedwa X-Road, yomwe inayamba mu 2001, imalola nthambi za boma kugawana zomwe zili m'kaundula, koma mphamvu yake yagona pa mfundo yoti boma lisafunse nzika chinthu chimodzi kawiri. Ifetu timafunsa munthu nambala ya chitupa chake pa mafomu osiyanasiyana mu ofesi imodzi yomweyi. Tikaika njira yokhotakhota mu kompyuta, fayilo idzangosiya kugona mu thireyi n'kuyamba kugona pa sikirini. Tinagwirizana kuti tiwongole njira kaye, pulogalamu idzabwere pambuyo.

Lachisanu abwana anasayina memo yolola kuyesa njira yatsopanoyi kwa miyezi itatu, pa ziphaso zongowonjezera nthawi zokha, kapepala ka nthawi kaja kakupitirira kumatidwa kuti tidzaone ngati zasintha. Ndalama za maphunziro zija tapempha kuti zithandize alembi kukakhala kanthawi mu nthambi zina zomwe timatumizirana nazo mafayilo.

Si onse anakondwa. Ena ankayembekezera alawansi ya ku msonkhano, ndipo sindiwaimba mlandu, chifukwa malipiro ndi ochepa ndipo pokwezedwa pa udindo chimawerengedwa ndi satifiketi. Ndinapita kwa oona za ogwira ntchito kukafunsa ngati zomwe anthuwa achita sabata ino zingalowe m'mafayilo awo. Anandiyankha kuti fomu ya zimenezo kulibe. Ndiye ndikulemba kalata yopita mu fayilo ya aliyense, yofotokoza chimene anapeza ndi chimene chasintha chifukwa cha iye, ndipo ndayamba ndi ya bambo a mesenjala.