Mwendo umodzi unatupa nditabwerako ku opaleshoni

Opaleshoni yochotsa khansa ya m'thumbo lotulukira chimbudzi anandichita ku Lilongwe. Ponditulutsa, mtima wanga wonse unali pa bala ndi kathumba kolandira chimbudzi ka pamimba kamene ndinali kuphunzira kusintha. Za miyendo sindinkaziganizira n'komwe. Ulendo wonse wa pa M1 mpaka ku Nkhamenya ndinakhala chopinda maondo m'minibasi, ndipo nditafika ndinangodziponya pamphasa, kuopa kuti ndikamayenda ulusi uduka.

Patatha masiku 12, katumba wakumanzere anayamba kuwawa ngati wakokana. Kutacha, mwendo unali utatupa, ukutentha, patapata osalowa, pomwe wakumanja uli bwinobwino. Mayi akunyumba anatereka madzi. "Abambo, tabwerani ndikuthoweni, n'kugona kwambiriku." Mlamu wanga, amene ndi mlangizi wa zaumoyo, ndiye anatiletsa: "Alamu, mwendo uwu asaugwiregwire. Tiyeni lero lomwe."

Pa Kasungu boma anayeza akatumba onse awiri ndi tepi, kenako sikani inaonetsa kuti magazi aundana mumtsempha wamkati. Adokotala anandifotokozera kuti khansa payokha imachititsa magazi kuundana msanga, opaleshoni ya m'chiuno imadutsa pafupi ndi mitsempha ikuluikulu yochokera kumiyendo, ndiye kugona kuja kunangowonjezera. Choopsa n'chakuti chibuma cha magazicho chikathothoka chimakatseka m'mapapo, munthu n'kubanika mwadzidzidzi, chifuwa chikubaya. Ndikakumbukira madzi anali pamoto aja, thupi limachita tsemwe.

Anayamba ndi jakisoni wa enoxaparin, wobaya pakhungu la pamimba, kenako mapiritsi a warfarin, onsewa mankhwala oletsa magazi kuundana. Apa ndiye panali ntchito. Magazi amafunika kuyezedwa pafupipafupi kuti nambala ya INR, yoonetsa mmene magazi akuchedwera kuundana, ikhale pakati pa 2 ndi 3, ndipo ulendo uliwonse ndi ndalama. Brufen ndi aspirin wa pagolosale ndinasiyiratu, kuopa kutaya magazi. Nkhwani ndi bonongwe sanandiletse, anangoti ndizidya mlingo wofanana, osati lero mbale yodzadza mawa osalawa, chifukwa masamba amafooketsa mphamvu ya mankhwalawa. Posintha kathumba ndimaunika ngati muli magazi kapena chimbudzi chakuda bii.

Ndinadzamva pambuyo pake kuti jakisoni yemweyu amaperekedwanso moteteza, mpaka masiku 28 chichitikireni opaleshoni yotere. Mnzanga wa kutchalitchi akupita kukachitidwa yake mwezi wamawa, ndipo funso loti kodi adzamupatsa jakisoni woteteza ameneyu ndamulembera kale papepala, ndaliika m'buku lake la kuchipatala.