Sipanala ya madala aja

Tulo takana kubwera. Ndakhala pakhonde kuno ku Area 25, udzudzu ukundimaliza, koma m'mutu mukungobwera nkhope ya madala aja, mmisiri wachikulire amene ndimagwira naye ntchito.

Sabata ino tikumanga linear motor pa makina odulira malata ku Kanengo. Siizungulira ngati mota tinazolowera zija, ilibe lamba, ilibe magiya. Pansi timayala mzere wa maginito, pamwamba mbali ya makoyilo imatsetsereka pa njanji ziwiri, ndipo pakati pake payenera kutsala kampata ka pafupifupi milimita imodzi, kofanana kuyambira uku mpaka uko. Kakachepa pena, maginito amakoka kwambiri pamenepo, mabering'i a pa njanji amatha msanga.

Lero ndinali nditavundukula maginito kuti ndiyeze kampatako ndi feeler gauge yapulasitiki, timapepala topyapyala toyezera mpata. Yachitsulo siitheka, imamatirira. Madala anafika kumbuyo kwanga ndi sipanala ya 17 m'manja. Phaa! Inawapulumuka n'kukamatira pa maginito, chala chinangotsala pang'onong'ono kupanikizika. Maginito amphamvuwa, a neodymium, sasewera, ndipo amasweka ngati mbale yadothi.

Ndinakuwa. "Chokanipo apa!" Anyamata awiri ophunzira ntchito ali pompo, akumva.

Iwo sanakweze mawu. "Mwanawe, makina ndinayamba kumanga iwe uli kumsana kwa mayi ako." Basi, anakakhala pa benchi.

Mantha ndi amene anandikuwitsa, ndikudziwa. Koma mawu aja anatuluka ngati ndikuthamangitsa mwana, ndipo mtima wanga sunakhazikike tsiku lonse. Ngakhale nsima masana sinatsike bwino.

Kaya inali nthawi yanji, dzuwa litapendeka, njanji yoyamba inandivuta. Iyi ndi imene ina imatsatira, ikakhota zonse zakhota. Ndikayendetsa dial gauge, choyezera chosonyeza ngati njanji yakhota, singano imakhala phee, kenako pafupi ndi pakati imalumpha milimita 0.08. Ndinamasula mabawuti, kumanganso limodzi limodzi kuchokera kumapeto amodzi ndi torque wrench, sipanala yomanga bawuti pa mphamvu yoyezedwa, koma zinali chimodzimodzi. Ndinayamba kudula shimu, kachitsulo kopyapyala kotseka mpata pansi pa njanji.

Madala anadzuka. Sanandiyang'ane. "Tainyamulani njanjiyo." Anati tainyamulani, osati tainyamula, ndipo ulemu umenewo unandilasa kuposa kukalipa. Anakhuthula m'matumba, makiyi, foni, wotchi, kuika kutali. Anayendetsa nsonga ya chala pansi pomwe njanji imakhala, pang'onopang'ono, maso atatseka. Anaima pa bowo lina la bawuti. Kachitsulo kotukuka m'mphepete, kosaoneka n'komwe ndi maso. Anakapalapo ndi mwala wonolera, kupukuta ndi kansalu. Titabwezera, singano inangogwedera 0.01.

Ndinati zikomo. Pepani uja anakakamira pakhosi.

Poweruka tinaima limodzi pa M1 kudikira minibasi, fumbi lili koboo. Anandifunsa ngati mawa tiyamba ndi encoder, kachipangizo kouza makina pamene mota yafika, kapena zingwe. Ndinayankha za encoder, zakuti tepi yake iyenera kutsata njanji ndendende, ndinalongosola zambirimbiri zosafunika. Yawo inabwera, anakwera.

Mawa ndifika molawirira, anyamata aja asanafike. Kapena ndiyenera kunena pepani uja iwo ali pompo, poti ndinakuwa iwo ali pompo. Sindikudziwa.