Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Nyuzipepala ya pawindo la amayi

M'gawo lapitali ndinasiyira pomwe abambo analeka kulima fodya wa fuluu, nkhuni zitasowa kwathu kwa Santhe. Lero ndibwerere kaye m'nyumba.

Windo la kuchipinda kwa amayi linalibe katani. Ankamatapo nyuzipepala ya Boma Lathu ndi phala. Pakatha miyezi iwiri, pepalalo linkasanduka lachikasu, kenako lofiirira, n'kumathetheka ngati tsamba la fodya louma. Koma masamba anzake amene ankasungidwa kunsi kwa mphasa ankakhalabe oyera. Nditafunsa, amayi anangoti, "Dzuwa limadya pepala, mwanawe. Katenge lina umate."

Ndili Fomu 3 ndinawafotokozera aphunzitsi a sayansi, ndikuganiza kuti aseka. Iwo anati, "Amayi akowo sananame." Anati mtengo uli ngati nyumba yophoma: ulusi wa cellulose ndiwo nsichi ndi phaso, ndipo dothi lomata zonsezo ndi lignin. Ndiye amalimbitsa mtengo, ndipo mu paini ngati wa ku Chikangawa amapitirira gawo limodzi mwa magawo anayi. Opanga pepala la nyuzi samuchotsa, choncho kuwala kukamumenya pali mpweya, amaphwanyika n'kusintha mtundu.

Nkhaniyi inanditsata mpaka ku Chancellor College ku Zomba. Kumeneko ndinawerenga kuti mafakitale a mapepala amachotsa lignin matani mamiliyoni chaka chilichonse, ndipo pafupifupi yense amangomusonkhezera moto. Zinandipweteka mtima, chifukwa m'kati mwake muli timphete ta kaboni tomwe opanga mankhwala, utoto ndi pulasitiki amatitenga m'mafuta okumba pansi. Ku Sarpsborg m'dziko la Norway, kampani ya Borregaard imapanga vanillin, uja wonunkhiritsa makeke, kuchokera ku lignin wa mitengo.

Chimene chinandisowetsa tulo ndi cha kuwala. Mu 1972 Akira Fujishima ndi Kenichi Honda a ku Japan anaonetsa kuti titanium dioxide, ufa woyera umene umakhala mu penti, ukawombedwa ndi kuwala umatha kuphwanya madzi kukhala mipweya ya haidrojeni ndi okosijeni. Ena anadzauyesa pa lignin. Kuwala kumadzutsa maelekitironi, tizinthu tating'onoting'ono tonyamula magetsi, mu ufawo, ndipo mfundo zolumikiza lignin zimaduka popanda ng'anjo yotentha, n'kumasula timphete tija. Mfundo imene amailondalonda kwambiri ndi ya β-O-4, chifukwa pafupifupi theka la mfundo zonse ndi zimenezi.

Musaganize kuti n'zophweka. Ufawu umangomva kuwala kosaoneka ndi maso kotchedwa UV, komwe ndi kochepa kwambiri m'dzuwa lofika pansi pano. Lignin wa m'fakitale ndi wakuda, amatchinga kuwala. Ndipo ufawu sudziwa polekezera: ukausiya nthawi yaitali umawononga ndi vanillin yemwe umamufunayo. N'chifukwa chake ntchitoyi ikadali kwambiri m'malabotale.

Pa holide ya chaka chimenecho ndinapeza abambo akutentha mapesi ndi makoko a mtedza, zomwenso zili ndi lignin, utsi uli tolo munda wonse.

"Ababa, mukutentha chumatu apa."

"Chuma chanji, mwana wanga? Ukachipeza udzandiuze, ndidzasiya."

Tsiku lobwerera kusukulu ndinadzera kwa kalipentala wa pa Santhe, n'kupempha utuchi wodzaza pepala la shuga. Zomwe utuchiwo unandichita ku Zomba, tikumane m'gawo 10.