Ku Kasane, komwe Elizabeth Taylor ndi Richard Burton anabwererana

Kuchoka ku Lilongwe mpaka ku Kasane, m'dziko la Botswana, pa basi kumafuna msana wolimba. Tinatulukira pa Mchinji n'kulowa m'Zambia pa Mwami, ndipo kuyambira ku Chipata mpaka ku Lusaka sitinamve kuti tili kwa eni, poti m'basi monse munali Chinyanja chokhachokha. Pa mlatho wa Luangwa tinatsika kukawongola miyendo pakati pa amayi ogulitsa nsomba zowamba ndi madengu. Ku Lusaka tinakwera ina ya ku Livingstone, kenako galimoto yaing'ono yotifikitsa pa Kazungula. Ndinali ndi achemwali anga aakulu, omwe ndi namwino, ndipo chomwe tinanyamukira tonse awiri chinali kukaona njovu basi.

Mlatho wa Kazungula ndi wautali mamita 923 ndipo unatsegulidwa mu Meyi 2021. Kale anthu ankawoloka Zambezi pa pantoni, mathiraki n'kumagona pamzere masiku angapo. Mlathowu ndi wokhota, chifukwa pamalowa pamayandikana mayiko anayi, ndiye omanga anachita kuukhotetsa kuti usaponde dera la Zimbabwe kapena la Namibia. Mukangotsika kutsidyako, Kasane ali pafupi.

Ndi katauni kakang'ono, kotentha, kogona m'mbali mwa mtsinje wa Chobe. Njiri zimayenda mumsewu osaopa munthu, zikafuna kudya msipu zimagwada ndi miyendo yakutsogolo pafupi penipeni ndi khomo la sitolo. Madzulo tinakwera bwato. Tinaona njovu zikuwoloka kupita pa chilumba cha Sedudu, thupi lonse litamira, chitamba chokha chili m'mwamba, kamwana kali pakati pa zazikulu ziwiri zikukakankha kuti kasatengedwe ndi madzi. Chilumbachi Botswana ndi Namibia anakanganirana mpaka ku khoti la mayiko ku The Hague, lomwe mu 1999 linagamula kuti n'cha Botswana.

Kutacha tinalowa m'nkhalango ya Chobe pa geti la Sedudu, pa galimoto yopanda magalasi ija. Titayenda ndithu m'mphepete mwa mtsinje, dalaivala analoza njira yopita ku Chobe Game Lodge, hotela yodula yomwe ili mkati mwa nkhalangoyo, n'kunena kuti kumeneko n'komwe akatswiri a mafilimu Elizabeth Taylor ndi Richard Burton anadyera chikondi chawo atamanganso ukwati mu Okutobala 1975. Kumbuyo kwathu kunakhala gogo wina wachizungu ndi amuna ake. Atangomva mayinawo, gogoyo anayiwala za njovu, n'kuyamba kuiyala nkhaniyo kuchokera pachiyambi. Mbali ina ndinkaidziwa kale, poti mafilimu akalewa ndimawakonda, koma kuimvera pamalo pomwe inachitikira kunandikhudza mwa mtundu wina.

Elizabeth Taylor anabadwira ku London mu 1932 ndipo anayamba kusewera mafilimu ali kamtsikana, n'kutchuka pansi pa kampani ya MGM. Anakwatiwa kasanu ndi katatu ndi amuna asanu ndi awiri. Mbiri yoipa inamuyamba mu 1958. Mwamuna wake wachitatu, Mike Todd, anafa pa ngozi ya ndege mu Malichi chaka chimenecho, ndipo yemwe ankabwera kudzamutonthoza anali mnzake wa malemuyo, woyimba Eddie Fisher. Fisher anali mwamuna wa Debbie Reynolds, mnzake wa Taylor yemweyo, ndipo anali ndi ana awiri aang'ono. Anasiya banjalo n'kukwatira Taylor mu 1959. Amereka yonse inamutcha Taylor wolanda mwamuna wa mwini.

Izi zinali zazing'ono poyerekeza ndi za ku Rome. Kumeneko, ku situdiyo ya Cinecittà, ankajambula filimu ya Cleopatra, yomwe Taylor analonjezedwa madola 1 miliyoni, ndalama yomwe inadabwitsa dziko nthawi imeneyo. Mnzake wosewera naye anali Richard Burton, mwana wa munthu wogwira ntchito mu mgodi wa malasha, wa ku Pontrhydyfen ku Wales, wa nambala 12 m'banja la ana 13. Nayenso anali pabanja ndi Sybil kuyambira 1949, ali ndi ana aakazi awiri. Manong'onong'o anayamba m'situdiyomo, ojambula zithunzi n'kuyamba kuwalonda usana ndi usiku, mpaka mu 1962 Marcello Geppetti anawajambula akupsompsonana pa bwato kufupi ndi chilumba cha Ischia. Chithunzicho chitatuluka, panalibenso chokana. Nyuzipepala ya ku Vatican inalemba kalata yodzudzula Taylor, ndipo phungu wina wa ku Georgia ku Amereka, Iris Blitch, anapempha kuti awiriwa asaloledwe kulowanso mu Amereka.

Apa mpomwe ine nkhaniyi imandiwawa. Zomwe anachita n'zolakwika, ndipo amene anapwetekedwa kwambiri ndi Sybil, Debbie Reynolds ndi ana awo, anthu omwe ofotokoza nkhaniyi amangowadumpha. Koma chala chinkaloza mkazi. Burton ankadziwika kale kuti ndi wa akazi ambiri, komabe anthu ankamuseka ngati tambala wa pamudzi, pamene mnzakeyo ankamutukwana m'nyuzipepala ndi m'matchalitchi. Zinamuchitikiranso wosewera mafilimu wina, Ingrid Bergman, yemwe anali pabanja. Atatenga pakati pa Roberto Rossellini akujambula filimu pa chilumba cha Stromboli, seneta Edwin Johnson anaimirira m'nyumba ya malamulo ya Amereka mu 1950 n'kumunyoza pamaso pa dziko lonse, ndipo mayiyu anakhala zaka zingapo osaponda ku Hollywood. Pomwe Spencer Tracy ndi Katharine Hepburn anakhala pachibwenzi zaka zoposa 25, Tracy ali ndi mkazi wake kunyumba, atolankhani akudziwa koma ali chete. Kuti nkhani ituluke kapena ikwiriridwe zinkatengera mphamvu ya situdiyo komanso mtima wa olemba miseche ngati Hedda Hopper ndi Louella Parsons, omwe cholembera chawo chinkatha kumukweza munthu kapena kumugwetsa.

Taylor ndi Burton anakwatirana ku Montreal mu Malichi 1964. Banja lawo linali la ndalama, mowa ndi ndewu. Mu 1969 Burton anamugulira mkazi wakeyo mwala wa dayamondi wa makarati 69, wokumbidwa ku mgodi wa Premier ku South Africa, pa mtengo woposa madola 1 miliyoni. Banja linatha mu 1974. Chaka chotsatira anagwirizananso n'kubwera limodzi ku Johannesburg, komwe madokotala anaona timadontho pa mapapo a Taylor n'kuopa kuti ndi khansa. Zitadziwika kuti si khansa, anaganiza zobwererana, ndipo pa 10 Okutobala 1975 bwanamkubwa wa boma anawamangitsa ukwati kuno ku Chobe, kutali ndi makamera omwe anawasautsa ku Rome. Sizinakhalitse. Mu 1976 anasiyananso, ndipo Burton anamwalira ku Switzerland mu 1984 ali ndi zaka 58.

Ndinayang'ana mtsinjewo, mvuu zikufwenthera, mpheta ndi akakowa ali yakaliyakali m'bango, n'kumvetsa chomwe anasankhira malo ano. Anthu awiri omwe moyo wawo wonse unali wa pachionetsero anafuna pamalo pomwe palibe owadziwa. Koma mowa wa Burton ndi mkwiyo wa onse awiri anabwera nazo m'chikwama, ndipo mtsinje sukanawachotsera.

Gogo uja atamaliza, achemwali anga, omwe nthawi yonseyi anali phee, anandigwira pamkono.

"Iwe, Elizabeth Taylor akunenayu ndi yemwe uja wa magalimoto a chipatala kwathu ku Mulanje?"

"Eya achemwali, ndi yemweyo."

Iwo mafilimu sawatsata, za amuna asanu ndi awiri anali asanazimvepo. Dzinali ankalidziwa chifukwa cholembedwa pa zitseko za magalimoto omwe amakwera misewu yoipa ya m'midzi ya ku Mulanje ndi Phalombe, atanyamula anamwino ndi mankhwala. Zipatala zoyendayendazi zinayamba mu 2008, bungwe lolimbana ndi Edzi la GAIA (Global AIDS Interfaith Alliance) likugwira ntchito ndi thandizo la Elizabeth Taylor AIDS Foundation. Amaima pa tchalitchi kapena pa sukulu, n'kuyeza magazi, kuyeza malungo, kuona amayi oyembekezera ndi ana a sikelo, kumadera komwe chipatala chili kutali moti wodwala amachita kum'nyamula pa njinga.

Chomwe chinamufikitsa Taylor pa ntchito imeneyi chikukhudzananso ndi mphekesera za ku Hollywood. Mnzake wapamtima anali Rock Hudson, yemwe anasewera naye mu filimu ya Giant ya 1956. Hudson ankakonda amuna anzake, ndipo zimenezi zikanadziwika nthawi imeneyo ntchito yake ikanathera pomwepo. Magazini ya miseche ya Confidential inkamusaka, ndipo mu 1955 anakwatira Phyllis Gates, mlembi wa bwana yemwe ankamuyendetsera ntchito, banja lomwe linatha patangopita zaka zitatu. Anabisa moyo wake mpaka matenda anamuulula, n'kumwalira ndi Edzi pa 2 Okutobala 1985. Masiku amenewo anthu otchuka ankathawa ngakhale kutchula dzina la matendawa. Taylor sanathawe. Chaka chomwecho anathandiza kukhazikitsa bungwe la amfAR lofufuza za Edzi, mu 1986 anakalankhula pamaso pa aphungu ku Washington, ndipo mu 1991 anayambitsa bungwe lakelake. Anadziwa kuti atolankhani amamutsata kulikonse chifukwa cha mbiri ya maukwati ake, ndiye anawakokera komwe iye ankafuna kuti aone. Munthu yemwe analawapo kulozedwa chala amamva msanga ululu wa wodwala yemwe akusalidwa, ndipo ife a ku Malawi, omwe tinaika abale ambiri m'manda m'zaka za m'ma 1990 tikunong'onezana za chomwe chawapha, kusalidwa kumeneko timakudziwa bwino. Anamwalira ku Los Angeles mu Malichi 2011, magalimoto aja akuyendabe.

Achemwali sanathe kuugwira mtima. Anatembenukira kwa gogo uja ndi kwa dalaivala n'kuyamba kufotokoza m'Chingerezi chawo cha kuchipatala za odwala omwe anawaona akuyamba kumwa ma ARV chifukwa galimoto inawapeza kumudzi, za amayi omwe anabereka ana opanda kachilombo chifukwa anayezetsa nthawi yabwino. Gogoyo, yemwe ankadziwa dzina la mwamuna aliyense wa Taylor ndi chaka chake, za Mulanje anali asanamvepo. Dalaivala anaimitsa galimoto poti kutsogolo kunali gulu la njati likudutsa, ndipo podikirapo achemwali anamuuza kuti, "Bambo, mukamawauza alendo anu za ukwati wa 1975, muziwonjezako ndi izi." Iye anatulutsa foni n'kuwapempha kuti amutchulire bwinobwino kalembedwe ka Mulanje ndi Phalombe.