Zikomo nonse, makamaka inu oyenda kumbuyo

Anditulutsa m'chipatala, ndili kunyumba. Mutu ukadali wolemera, miyendo ikunjenjemerabe, koma mawuwa sangadikire kuti ndichire kaye.

Za Loweruka kumtsinje kuja, pa ulendo wa gulu lathu loyenda wapansi m'tchire, mukuzidziwa, ambiri munalipo. Ine ndikukumbukira minda yokolola kale ija, pamtetete popanda ndi kamtengo komwe, ziputu zikubaya m'akakolo. Nditaona madzi ndinati basi tapulumuka, osadziwa kuti moto weniweni uli m'chigwa momwemo. Mphepo zii, thukuta kumangoyenderera osauma. Adokotala andifotokozera kuti thukuta limaziziritsa thupi likamauma, ndiye pamalo achinyezi otere munthu umangotaya madzi ndi mchere pachabe. Kuphatikiza mapiritsi anga a BP okodzetsa aja, zinthu zinathina. Chizungulire, mseru, kenako mdima m'maso.

Achemwali oyenda kumbuyo, ndiyambire pati? Tonse timakusekani kuti mumayenda ngati mwataya ndalama, pomwe ntchito munadzipatsa nokha ndi yoti wina asatsalire m'tchire. Ndinu munaona kuti ndayamba kukwekwesa mapazi. Akuti chinakudzidzimutsani kwambiri n'choti ine, wolongolola wa gulu lonse, ndakhala duu. Simunafunsenso zambiri. Munandikokera pamthunzi, kundigoneka, chikwama chanu kutsamiritsa miyendo yanga kuti ikwere m'mwamba, nsapato ndi masokosi kuvula.

Kumapeto kwa chilimwe chonchi mtsinje umakhala utaphwera, madzi ali pakati penipeni, ndipo kuti muwafike munayenda pamiyala ya ndere yoterera ija. Kupita, kubwera, kupitanso, mpango wanu uli noninoni, kundiika m'khosi ndi m'khwapa. Bondo lanu lija ndinaliona, linali magazi okhaokha, inu osalilabadira n'komwe.

Chimene chinkandikwiyitsa nthawi imeneyo n'choti munkangondifunsa dzina langa ndi tsiku la lero, uku maso ali pa wotchi. Ndinkati kodi mayiwa atani? Lero ndadziwa. Munthu wofooka ndi kutentha amayenera kuyamba kupezako bwino pasanathe mphindi 30 akamuziziritsa. Zikapitirira, kapena akayamba kubwebweta, ndiye kuti zafika poopsa, thupi limatha kutentha kupitirira madigiri 40, ndipo apo n'kuchipatala basi. Paketi ya ORS, mchere ndi shuga wobwezeretsa madzi m'thupi uja, munali nayo m'chikwama. Munaisungunula m'lita imodzi ya madzi a m'mabotolo, a mumtsinje munawakaniratu ngakhale ena ankati ndi oyera, n'kumandimwetsa pang'onopang'ono. Nditasanza, nthawi n'kukwana, munangoti tiyeni, zokambirana zatha. Achemwali, Mulungu yekha ndiye angakubwezereni. Akupatseni masiku ambiri, adalitse ana anu ndi zidzukulu zanu, ndipo tsiku lanu la mavuto musadzasowe munthu pambali.

Zikomo anyamata awiri munathamangira pachitunda kukasaka netiweki. Zikomo abambo anayi munandinyamula mpaka kumsewu, ndikudziwa sindine wopepuka, misana ikupweteka pepani. Bambo a galimoto, sindikukudziwani ngakhale nkhope, simuli m'gulu lathu, koma munaima. Atsogoleri athu, zikomo poimitsa ulendo womwe munaukonza kwa nthawi yaitali. Anamwino a usiku uja, zikomo chifukwa cha diripi ndi kuleza mtima. Amene munabwera kudzandiona, amene munapemphera, ndakuonani nonse ngakhale mauthenga sindinayankhe.

Koma achemwali aja sanathere kumtsinje. Anakwera nane galimoto, anakhala pabenchi mpaka mwana wanga atafika usiku, zovala zili zonyowa, ndipo m'mawa foni yoyamba kulira inali yawo.

Aliponso ena. Kudzandiona ayi, kuimba foni ayi, koma mawu akundipeza oti pamsinkhu wangawu ndimakasakanji m'tchire. Ndamva, zikomo. Dziwani chabe kuti adokotala sanandiletse kuyenda. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu azilimbitsa thupi mphindi zosachepera 150 pa sabata, ndipo BP yangayi imafuna zomwezo. Andiuza kuti ndipume kaye, nditsatire malangizo awo pa mapiritsi aja kukamatentha, ndipo ndizimwa madzi ludzu lisanandigwire.

Ndiye atsogoleri musandifufute m'kaundula. Ndikapeza mphamvu ndibwera, ndiyambira maulendo aafupi a m'mamawa. Pempho langa n'loti pamsonkhano ukubwerawu tikambirane zoti kumbuyo kuzikhala anthu awiri, chifukwa achemwali akanaterereka pamiyala paja sindikudziwa kuti akanawadzutsa ndani.

Botolo la buluu lokhala ndi chingwe ndi chipewa chakhaki zinabwera ndi katundu wanga. Eni ake ndiuzeni. Mpango wokha, achemwali, ndichapa ndekha ndipo ndibweretsa ndekha, musatume mwana.