Mpamba wanu ubwerera liti?

Ku banki mkhonde yathu kuno ku Area 25, ine ndi amene ndimasunga kaundula. Munthu akabwera kudzapempha ngongole yogulira chinthu chachikulu, kaya firiji, makina osokera kapena njinga yamoto, ndili ndi funso limodzi lomwe sindilumpha: ndalama mukulowetsayi idzabwerera m'manja mwanu pakatha miyezi ingati? Ambiri amangoti, "Amayi, geni imeneyi ikuyenda, musadandaule." Kuyendako sindikukana. Chomwe ndimafuna ndi nambala ya miyezi, chifukwa ndalama tikubwereketsayo ndi ya amayi ogulitsa tomato ndi mandasi, ndipo mu Disembala aliyense amafuna gawo lake lathunthu.

Masamu ake ndi a ku pulayimale. Wonkhetsani zonse zomwe mudzawononge kuti chinthucho chiyambe kugwira ntchito, kenako gawani ndi ndalama yomwe idzatsale m'thumba mwezi uliwonse mukalipira zonse zoyenera kulipira. Yankho lake ndiyo miyezi yodikira mpamba. Vuto limakhala pa manambala awiriwo: yoyamba anthu amaichepetsa, yachiwiri amaikulitsa.

Mlamu wanga wa ku Kawale ankafuna njinga yamoto ya kabaza. Manambala awa ndawazungulitsa kuti masamu aoneke bwino, inu muyike mitengo ya lero. Iye anati, "Alamu, njinga ndi K3,000,000, mnyamata azindipatsa tageti ya K12,000 patsiku. Pamwezi ndi K360,000. Miyezi 8 basi ndalama yanga yabwera."

Tinakhala pansi ndi kope. Njinga siilowa mumsewu ndi mtengo wa m'sitolo wokha. Pali kulembetsa, inshuwalansi, zipewa ziwiri, jekete yowala. Tinayikapo K300,000, mpamba n'kukhala K3,300,000. Kenako masiku. Palibe mnyamata amene amagwira masiku 30 mwezi uliwonse. Pali Lamulungu, pali maliro, pali tsiku lomwe njinga yagona kwa makaniko. Tinawerenga masiku 26, ndiye K312,000. Oyilo, matayala, tcheni ndi mabuleki ndi za mwini njinga, ndipo misewu ya fumbi ya m'makomboni mwathumu imadya zinthu zimenezi msanga. Titachotsa K62,000 inatsala K250,000. K3,300,000 kugawa ndi K250,000 ikupereka miyezi 13 ndi masiku pang'ono. Kusiyana kwa 8 ndi 13 ndi miyezi isanu yomwe mlamu wangayo akanalonjeza kale sukulu fizi ndi lendi pa ndalama yomwe kulibe.

Apa ndi pomwe ndimachedwapo kwambiri ndi anthu, chifukwa kugawa kotereku kumayesa ngati miyezi yonse ndi yofanana. Kwathu kuno siifanana. Januwale ndi Febuluwale anthu alibe ndalama, mvula ikugwa, matope ali thoo. Fodya akayamba kugulitsidwa ku Kanengo, ndalama imayamba kuoneka m'tauni. Mafuta akasowa, monga tinaonera mu 2022 ndi 2024, njinga imaswera pamzere osanyamula munthu. Wogulitsa mafilizi amadya bwino mu Okutobala, koma mu Juni firiji imangodya magetsi. Ndipo amene anagula firiji kapena chigayo kumayambiriro kwa 2022 akukumbuka zomwe zinachitika namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale chaka chimenecho: dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 ndipo magetsi ankazima maola ambiri kwa nthawi yoposa chaka. Choncho ine ndimalemba mzere wa miyezi, Januwale mpaka Disembala, mwezi uliwonse ndi ndalama yakeyake, n'kumachotsa pa mpamba mpaka utafika pa ziro. Mwezi womwe wafika pa ziro ndiwo yankho lenileni. Kugula njinga mu Epulo ndi kuigula mu Novembala kumapereka mayankho awiri osiyana.

Ngati bizinesiyo mudzaigwira nokha, dzilembereni malipiro n'kuwachotsa. Telala amene amasoka tsiku lonse n'kuwerenga ndalama yonse ngati phindu la makina, ndiye kuti akugwira ntchito yaulere.

Tsono ngongole. Gulu lathu limabwereketsa pa 20 peresenti pamwezi. Mlamu wanga akanatenga K1,000,000 kwa ife kuti akwanitse mpamba, chiwongoladzanja chokha chikanakhala K200,000 mwezi woyamba, pa K250,000 yomwe njinga ikubweretsa. Ndinamuuza poyera kuti ndalama yathu ndi yoodera kaunjika kapena nyemba, zinthu zotuluka m'masabata ochepa. Chinthu chobweza mpamba pa miyezi 13 sichigulidwa ndi ngongole yowerengedwa pamwezi, ndipo za katapila musaziyandikire n'komwe. Zimandiwawa kuona munthu akugulitsa njinga mwezi wachinayi pamtengo wolira kuti abweze ngongole yomwe anaigulira njingayo.

Pali china chomwe masamu osavutawa saona. Kwacha yomwe idzabwere chaka chamawa si yofanana ndi yomwe mwatulutsa lero. Reserve Bank inagwetsa mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mu 2024 mitengo ya zinthu inkakwera ndi pafupifupi 30 peresenti pachaka. Njinga, firiji ndi zipangizo zake zimachokera kunja. Pa kakweredwe kotereka, chinthu cha K3,300,000 chimafika K4,290,000 pakatha chaka. Tageti ikakhala yomweyo, kuti mupeze ndalama yogulira njinga ina yofanana mufunika miyezi 17. N'chifukwa chake ndimalangiza kuti pangano ndi woyendetsa linene kuti mitengo yonyamulira anthu ikakwera, tageti nayonso iunikidwe. N'chifukwa chakenso kuno kwathu ndimakonda zinthu zobweza mpamba msanga kusiyana ndi momwe mabuku angalangizire munthu wa dziko lomwe ndalama yake ndi yokhazikika.

Komabe sindingakunamizeni kuti chobweza msanga ndiye chabwino nthawi zonse. Nambala imeneyi imasiya kuwerenga tsiku lomwe mpamba wabwera, za kutsogolo siidziwa. Mukamanga kanyumba ka lendi pa puloti yanu ku Chinsapo ndi K6,000,000, wolowamo n'kumalipira K60,000 pamwezi, ndi miyezi 100, zaka 8 ndi miyezi inayi. Mukayika pambali pa njinga ya miyezi 13, nyumba ikuoneka yogona. Koma njinga ya kabaza ikagwira zaka zingapo imakhala yatopa, ikhoza kubedwa kapena kuchita ngozi mawa lomwe, pomwe nyumba idzakhalapo ana anu atakula, ndipo lendi imakwera. Ndiye pa miyezi ija ndimawonjezera mafunso awiri: chinthuchi chidzagwira ntchito nthawi yaitali bwanji mpamba utabwera, nanga nditafuna kuchigulitsa pakati panjira ndingapeze zingati?

Mlamu wanga anadikira mpaka atakwanitsa ndalama yake yonse osabwereka, ndipo anasankha pangano lina loti mnyamata azikonza yekha njinga, azipereka tageti, ndipo pakatha miyezi 18 njinga ikhale yake. Pamenepo K312,000 yonse imalowa, mpamba umabwera m'mwezi wa 11, ndipo pakutha pa pangano amakhala atalandira K5,616,000. Kuchotsa K3,300,000, phindu ndi K2,316,000, koma njinga alibenso. Ubwino wake ndi woti mnyamata amaisamala ngati yake. Pangano limenelo analilemba papepala, ndi mboni ziwiri, komanso ndime yonena zomwe zidzachitike tageti ikalephereka sabata ziwiri zotsatizana.