Kukri wanga, apongozi anga ndi zala zitatu

Anthu ena amasonkhanitsa masitampa, ena ndalama zakale zachitsulo. Ine ndimasonkhanitsa mipeni ya asilikali, ngakhale kuti kampu ya asilikali ndimangoiona podutsa. Mipeniyo imakhala m'kabati ya galasi pabalaza, ndipo lamulo la panyumba ndi limodzi: yang'anani ndi maso, manja akhale kumbuyo. Kukwecha ndiye mlandu waukulu kuposa yonse. Kuda kumene kumabwera pachitsulo chikakalamba, ife osonkhanitsa timakusunga dala, chifukwa ndi komwe kumachitira umboni kuti mpeniwo ndi wakaledi. Ukaukwecha n'kuwala, wafufuta mbiri yake pamodzi ndi mtengo wake. Mkazi wanga amati limenelo ndi dzimbiri lomwe linapita kusukulu.

Ndiye kunabwera apongozi anga aamuna kudzacheza. Mkuluyu anagwira usilikali mpaka kupuma, salankhulalankhula, ndipo chikwatirireni mwana wawo amandiyang'ana ndi diso lija lofunsa ngati munthu wongokhala padesiki angateteze banja. Ndinati lero ndi lero. Atangopuma pang'ono, ndinatulutsa kiyi wa kabati.

Ndinayamba ndi mfumu ya m'kabatimo, Fairbairn-Sykes. Ndinawafotokozera kuti anaupanga William Fairbairn ndi Eric Sykes, amuna awiri omwe anaphunzira za ndewu za mumsewu akugwira ntchito ndi apolisi ku Shanghai, ndipo kuti kampani ya Wilkinson Sword inayamba kuusula mu 1941 kuti ugwiritsidwe ntchito ndi makomando a ku Britain. Ndi wowonda, wakuthwa konsekonse, chitsulo chake pafupifupi mainchesi 7, ndipo chimake chili ndi timakutu tachikopa toti msilikali asokerere pa buluku. Ndinawaonetsa kachizindikiro kokhala ngati muvi komwe boma la Britain linkadinda pa katundu wake wa nkhondo. Wanga ndi wa mtundu wachitatu, wa chigwiriro cha mizeremizere, ndipo kuda kwake kunali kosiririka.

Apongozi anaulandira, n'kuutembenuza kawiri.

"Nanga chitini mumatsegula bwanji ndi umenewu, apongozi?"

Ndinaseka pang'ono poganiza kuti akucheza. Sankacheza. Anati msilikali amatha miyezi osaona nkhope ya mdani, koma chitini amachiona tsiku lililonse, chingwe chofunika kudula chilipo, bokosi lokhomedwa ndi misomali lilipo, ndipo mpeni wa nsonga yowonda chonchi uthyoka sabata lisanathe. Chondipweteka n'chakuti mabuku amanenanso zomwezo. Mipeni yambiri ya mtunduwu inabwerako kunkhondo yopanda nsonga, ndipo sikuti inathyokera m'nthiti za adani.

Ndinathamangira kwa Ka-Bar. Apa nkhope yawo inamasuka. Uwu ndi mpeni womwe asilikali a Marine a ku America anauvomereza mu 1942, wachitsulo chochindikala, wakuthwa mbali imodzi, chigwiriro chake cha timawilo tachikopa tosanjikiza. Anaupanga kuti uzimenya nkhondo, uzikumba, uzisema zikhomo ndi kutsegula zitini zomwezo. Anauyesa pachikhatho n'kugwedeza mutu. "Uwu ndiye mpeni," anatero, ndipo sanaubweze m'kabati. Anauika pambali pawo pampando. Ndinaona, koma mkamwini salanda chinthu m'manja mwa apongozi.

Ndinawaonetsanso wa m'maenje obisalamo wa ku America, wolembedwa U.S. 1918, wa chigwiriro chamkuwa cholowetsamo zala kuti nkhonya izilemera. Nditanena kuti yambiri mwa mipeniyi inatuluka m'fakitale nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangotha, anangoti, "Ehe, katundu wabwino amafika nkhondo itatha." Chomwe chinawasangalatsa ndi nkhani ya asilikali a ku France omwe ankazula zitsulo zomangirapo waya waminga n'kuzisula kukhala mipeni. Anati amenewo ndiwo anali ndi nzeru.

Mpikisano unkandithera, koma ndinali nditasunga chipolopolo chomaliza: kukri, mpeni wokhota wa asilikali a Gurkha a ku Nepal, omwe akhala m'gulu la nkhondo la Britain kwa zaka zoposa 200. Ndinaitana mkazi wanga ndi mwana wathu wamkazi kuti nawo aone. Ndinaloza timipeni tiwiri tomwe timakhala kuseri kwa chimake, karda kodulira tinthu ting'onoting'ono ndi chakmak kosathwa konolera. Kenako ndinatsitsa mawu n'kuwauza nthano yotchuka ija, yoti kukri akasololedwa sabwerera m'chimake asanalawe magazi, ndipo ngati palibe mdani, mwini wake amadzicheka chala. Ndinkadziwa bwino kuti ndi nthano chabe. Ku Nepal kukri amadulira nkhuni ndi kulambulira tchire tsiku ndi tsiku, ndipo mwambowo ukanakhala woona, bwenzi dziko lonselo lilibe zala. Koma nthano imakoma ukainena ngati zoona, makamaka pamene apongozi ayamba kuyasamula.

Ndinagwira chigwiriro n'kukoka. Mpeni unangoti gwa.

Chimake cha kukri ndi matabwa awiri opyapyala okutidwa ndi chikopa, ndipo kukakhala chinyontho matabwawo amafufuma n'kuchiluma chitsulo. Ndinakokanso. Osasuntha. Mwana anayamba kuseka chamumtima, mapewa okha akugwedera. Apa m'pomwe dzanja langa lamanzere linafumbatira chimake chonse mozunguliza, zala zikudutsa mbali yomwe matabwa aja amakumana, yomwenso kukamwa kwa mpeni kumadutsa potuluka. Buku lililonse lonena za kukri limachenjeza kuti gwira chakumsana kokha. Ineyo ndinali nditachenjezapo anzanga za chimenechi.

"Apongozi, zala zanuzo..."

Mawu awo anafika nthawi imodzi ndi mphamvu zanga. Mpeni unati fwaa, kutuluka mokongola kwabasi, utang'amba msoko wakale wa chikopa n'kupereka moni kwa zala zitatu panjira. Poyamba sindinamve kupweteka. Ndinaima ndi kukri m'mwamba, ndikumwetulira, mpaka mwana analoza pansi. Nditayang'ana, matailosi anali psuu.

"Adadi, ndiye kuti tsopano ukhoza kubwerera m'chimake?"

Zimene zinatsatira ndinachita kuuzidwa. Akuti ndinanena kuti "palibe vuto" momveka bwino, n'kuika kukri patebulo mwaulemu, kenako maso anatembenuka ndipo ndinatsetsereka ndi khoma mpaka pansi. Nditatsitsimuka ndinapeza miyendo yanga ili pamwamba pa mpando, dzanja lili m'mwamba, apongozi atalifinya ndi nsalu yomwe anadula pa katani wa pawindo. Anadulira Ka-Bar uja.

"Mwaona, apongozi? Wadula kamodzi kokha," anatero, akundionetsa mpeniwo pafupi ndi mphuno.

Mkazi wanga sanakalipe. Anangoima atagwira m'chiuno, akuyang'ana katani wake, kenako ine, kenako katani.

"Inu abambo, mwa anthu onse a m'nyumba muno, mdani munamupeza ndi inu nomwe?"

Kuchipatala namwino anafunsa chomwe chinandicheka kuti alembe. Ndinati mpeni. Mkazi wanga anawonjezera kuti ndi mpeni wa asilikali a ku Nepal. Namwino anakweza maso n'kufunsa ngati kwathu kuli nkhondo. Atamva kuti chitsulocho n'chakale ndipo sichikwechedwa dala, anapita kukatenga jakisoni wa kafumbata, ndipo pondibaya anaitana mnzake kuti adzamve yekha nkhaniyo kuchokera kwa mwini wake. Anandisoka, n'kundimanga bandeji yaikulu moti dzanja linkaoneka ngati chibonga.

Pobwerera m'galimoto ndinkadzitonthoza kuti zoipa zatha. Ndinali nditaiwala kuti kiyi ndinamusiya pakabati.

Tisanalowe n'komwe m'nyumba ndinamva phokoso la khwe, khwe, khwe kuchokera kukhonde. Apongozi anali atayala nyuzipepala pansi, atakhala mwaufulu, manja a malaya atapinda. Pambali pawo panali sandipepala, kabotolo ka mafuta a makina osokera ndi mwala wonolera. Mwana wanga ndiye anali wothandizira, akupereka zida. Mipeni inali itandandalikidwa pamzere mwadongosolo la pa perete, ndipo pakati pake panagona Fairbairn-Sykes wanga, kuda konse kwa zaka zoposa 80 kutachoka, akungoti waliwali. Kamuvi ka boma la Britain kankaoneka pokhapokha utapendeketsa mpeniwo padzuwa n'kukhulupirira kwambiri.

Ndinangoti kukamwa yasa. Mawu anakana kutuluka, ndipo ndikuganiza kuti apongozi anayesa kuti ndagwidwa ndi chiyamiko.

"Musavutike n'kuthokoza," anatero. "Kwathu ku usilikali, munthu akapezeka ndi chida chadzimbiri chonchi ankagona m'chitokosi. Ndinaona kuti ndi dzanja limenelo simungathe."

Ndinayesa kufotokoza, mwaulemu wonse womwe mkamwini angakhale nawo, kuti kudako kunali kofunika, kuti osonkhanitsa amakufuna, kuti mpeni wokwechedwa umatsika mtengo. Anamvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anafunsa ngati Fairbairn uja, atadzuka lero n'kuona mpeni wake uli bii, angasangalale. Ndinayang'ana mkazi wanga kuti andithandize. Iye anali kalikiliki kuyeza katani ndi tepi.

Kukri nayenso anali atasamalidwa. Anamupukuta, anamunola ndi chakmak kake komwe, ndipo anandiuza mokondwa kuti kachitsuloko kamagwiradi ntchito, chinthu chomwe ine mwini wake sindinkachidziwa chifukwa sindinayesepo. Chimake anachipala mkati kuti chisamalume, n'kusoka pong'ambika paja ndi ulusi wa nsapato. Atatero anaitana mdzukulu wawo kuti aone kasololedwe koyenera: dzanja lamanzere kumsana kwa chimake, zala kutali ndi msoko, mpeni uzitsatira kukhota kwake. Unatuluka mwakachetechete, n'kubwereramo mwakachetechete, osalawa kanthu.

"Agogo, nanga magazi?"

"Bambo ako analipiriratu za chaka chonse."

Madzulo ndinawerenga mipeni m'kabati ndi dzanja limodzi. Ka-Bar munalibe. Ndinamupeza atatsamira pachikwama cha apongozi, atakulungidwa bwinobwino m'chidutswa chotsala cha katani. Nditafunsa mozungulira, anati kwawo kuli chitseko chomwe chimavuta, ndipo mpeni wabwino chonchi si woti uzingogona m'galasi. Kenako anasisita thumba la malaya, momwe munamveka kulira kwa kiyi wanga.

"Wamkuwa uja ndausiya dala, kwada. Mawa mundidzutse m'mamawa, ndipo mupezeretu sandipepala wina, uyu watha."